Kamera Yoona Nthochi Zokha

"Unali pompo, iwe. Pompo penipeni, ngati pano ndi pakhomo apo. Ndiye ukuti sunaone kanthu?"

"Sindinaone, amayi."

"Maso akuluakuluwo unawasiya kunyumba?"

Tupokigwe adali atagwada pakhonde la apongozi ake aakazi, mayi Ndimbumi. Adayankha motsitsa mawu kuti maso adali nawo, koma adayang'ana nawo kuphiri, monga momwe iwo eni adamulangizira tsiku lomwe ankalowa m'banja la a Mwakibete. Kodi si iwo adati mtengwa wa Chinyakyusa sayang'ana apongozi ake aamuna, ngakhale mwakuba? Si iwo adati akangomva kutsokomola kwawo azitembenuka, n'kufunda chitenje kumutu mpaka adutse?

"Tamumvani," adatero mayi Ndimbumi potembenukira mwana wawo Lusekelo, mwamuna wa Tupokigwe. "Lero mwambo wasanduka wanga. Ine ndinati usamawayang'ane akamayenda. Za kugundidwa ndi galimoto ndinatchulapo?"

M'nyumba, kuseri kwa khoma, a Mwakibete adatsokomola. Adali chigonere pamphasa, mwendo uli m'chikhakha. Adauza Lusekelo kuti amufunse mkazi wake ngati adamvako kanthu. Tupokigwe adawamva bwinobwino, poti khomalo n'lopyapyala, komabe adadikira kuti Lusekelo abwereze funsolo. Adayankha mwamuna wake kuti adamva chiphokoso, kenako zigubu za mkaka zikugubuduka. Lusekelo adatembenukira kukhoma n'kunena zomwezo. Umu ndimo ankachezera anthuwa chikwatiwire Tupokigwe, ndipo mwana wawo Gwakisa adali atayamba kale sukulu.

Nkhani yake idali yotere. M'mawa uliwonse a Mwakibete ankatenga mkaka wa ng'ombe zawo pa njinga yamoto kukapereka m'malo ogulitsira tiyi. Njira yawo inkadutsa pamphambano ya msewu wa ku Tukuyu, pomwe Tupokigwe ankaotcha nthochi pambaula. Tsiku la tsokalo, lomwe masana ake kudagwa matalala, galimoto yoyera ya bwana Kihwele, wogula mapeyala wa kuno konse, idakumana ndi njingayo. Apolisi adalemba kuti mkuluyo adali ataledzera, n'kudzilowetsa yekha kutsogolo kwa galimoto. Ndipo zoona, pofika kuchipatala ankanunkha kachasu moti namwino adatsegula mawindo.

Kachasu, a Mwakibete! Munthu woti ndi mkulu wa mpingo, woti ngakhale thobwa akalinunkhiza n'kumva kuti lagonera amalikankhira kutali. Iwo ankalumbira kuti adali ataima m'mbali mwa msewu, koma wapolisi adawayankha kuti woledzera aliyense amati iye waima, likuyenda ndi dziko. Tsopano samani ya kukhoti idali itabwera, ndipo akulu anzawo a mpingo adawatumizira mawu akuti ayambe apumako pa benchi yakutsogolo. Zimenezi ndizo zinkawapweteka kuposa mwendo. Adaleka kudya, n'kumangoti kuli bwino kufa kusiyana n'kukalowa m'manda ndi dzina la chidakwa.

Mboni padalibe. Amayi ena ogulitsa pamphambano paja onse adati nthawi imeneyo ankawerama. Amuna awo amagulitsa mapeyala kwa Kihwele yemweyo, ndipo paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Yekhayo amene akadalankhula mosaopa adali Tupokigwe, koma iye zonse zidachitikira kumsana kwake.

"Mwamuna wanga akamangidwa, iwe udzipita kwanu," adamaliza motero mayi Ndimbumi. "Sindingasunge mtengwa wokhala ndi maso okongoletsa nkhope."

Tupokigwe adabwerera kunyumba kwake mtima ukuwawa. Chomwe sadauze munthu n'chakuti tsiku lija, pambuyo pa zigubu, adamvanso kubuula, ndipo mawuwo adawazindikira. Khosi lidafuna kutembenuka, koma mwambo udamugwira pamapewa. Adaima choncho mpaka anthu adawanyamula.

Lusekelo, mmisiri wa matabwa wofatsa ngati nkhosa, ndiye adakumbukira za kamera. Pamphambano paja khonsolo idazika mlongoti wachitsulo, pamwamba pake n'kuikapo kamera yoyang'ana magalimoto. Adavala jekete la ukwati n'kupita kukapempha zithunzi za tsikulo. Woyang'anira makamerawo adali bwana Kyando, munthu wa mimba yotsogola. Ulendo woyamba adati abwere mawa. Mawa lake adati kiyi wapita ndi mnzake kumaliro. Ulendo wachitatu adapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti kamera imeneyo idafa kalekale ndi mphezi, panopa mbalame zidamangamo chisa.

"Ndiye munangobwerako, bambo a Gwakisa?" adafunsa Tupokigwe.

"Nanga ndikanakwera mlongoti? Munthuyo ndi waulemu, wandipatsa ndi peyala lomwe. Ali nalo dengu lonse pansi pa tebulo, akuluakulu otumiza kunja aja."

Tupokigwe adayang'ana peyalalo, n'kuyang'ana mwamuna wake. Lusekelo adalidya ndi mchere.

Masabata adapita, tsiku la kukhoti likuyandikira. Tsiku lina m'mawa Tupokigwe adapeza mnzake Subilaga atakhala pamwala pamphambano paja, wopanda mbaula, maso ali psuu. Alonda a khonsolo adali atamugwira dzulo lake chifukwa chogulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Iye adakana kwamtuwagalu, koma adamutengera ku ofesi n'kumuonetsa pakompyuta.

"Ndinadziona ndekha, mnzanga," adatero Subilaga. "Duku langa lofiira lija, ndikukupiza moto, kenako ndikudzikanda kumsana ndi chipande. Manyazi ake! Bambo wamimba uja amangoseka."

Tupokigwe adakweza maso pamlongoti. Ndiye kuti kamerayi idali ndi matenda achilendo: ikaona galimoto ya munthu wolemera imachita khungu, ikaona nthochi za mmphawi maso amatseguka. Adakwiya mpaka nthochi zidapserera pamoto iye ali chiyang'anire kumwamba. Koma mkwiyowo utaphwa, m'mutu mwake mudatsala kanthu kena.

Kutacha adakwecha mbaula yake ndi mchenga mpaka idawala, n'kuisenza pamutu. Adabwereka foni ya Lusekelo ponena kuti akufuna kuimbira mayi ake. Ku khonsolo adapeza bwana Kyando akudya tchipisi cha mazira, mbale ili pamwamba pa mapepala. Adatula mbaula pakhomo pomwe bwanayo angaione bwino, n'kugwada.

Adati wamva mphekesera yoti alonda akumusakasaka, ati adagulitsa nthochi pamsewu m'mawa wa tsiku lomwe kudagwa matalala lija. Ndiye wabwera yekha kudzanena kuti limenelo ndi bodza. Iye chibadwire sadagulitsepo kanthu pamsewu, mbaulayi ndi yootha ana.

Bwana Kyando adayang'ana mbaulayo. Inkaoneka yatsopano ndithu, yabwino kuposa ya Subilaga.

"Mayi, tikakupezani ndi umboni, mbaulayo itsala pano. Mukudziwa?"

"Umboni muutenga kuti, bwana? Tonse tikudziwa kuti kamera yanu ija inafa. Kumsika amati ndi chitini chabe, munangochipaka utoto kuti muziopsezera anthu."

"Chitini?" Bwana Kyando adaika foloko pansi. "Amati chitini ndani?"

"Aliyense. Ena amati mwina inu simudziwa n'kuyatsa komwe."

Eee, galu adapondedwa mchira. Bwanayo adapukuta manja pa thalauza, n'kukokera mpando pakompyuta, uku akunena kuti iye adakaphunzira zimenezi ku Dar es Salaam, osati pansi pa mtengo. Dengu la mapeyala lija lidachokera kwa bwana Kihwele, pamodzi ndi pempho loti azingoti kamera idafa, ndipo iye adalandira osadzivutitsa n'kuona kuti ndi tsiku liti, muli chiyani. Adafufuza tsiku la matalala, adalipeza, n'kubwerera m'mawa mwake. Mphambano yonse idaonekera pagalasi, magalimoto akudutsa, ndipo pakona padali mayi akukupiza mbaula.

"Uyu ndi ndani?"

Tupokigwe adasuzumira n'kunena kuti sakumudziwa. Chitenjecho n'cha kwaya, amayi a mpingo wonse ali nacho. Nkhope siikuoneka bwino, poti mayiyo wawerama. Bwana Kyando adati palibe vuto, adikira mpaka adzuke, iye nthawi ali nayo. Apo Tupokigwe adapempha kuti ajambuleko ndi foni, kuti zikakhala zoona amuna ake akakhulupirire komwe mbaula yapita. Bwanayo adavomera monyadira, adati akawaonetsenso akumsika aone chitinicho.

Mayi wa pagalasi uja adayamba kuweramuka. Koma asanadzutse nkhope, kumtunda kwa msewu kudatulukira njinga yamoto yokhala ndi zigubu ziwiri. Mayiyo adatembenuka msangamsanga, n'kufunda chitenje kumutu. Ndipo mu ofesi muja, Tupokigwe weniweni naye adangozindikira watembenuka, chitenje chili kumutu, akuyang'ana khoma. Foni ili m'manja idajambula mimba ya bwana Kyando, batani lomwe lidatsala pang'ono kuthothoka, ndi mbale ya tchipisi.

"Mayi, mwatani? Mwagwidwa ndi mizimu?"

Tupokigwe adaima chomwecho. Adaona kupusa kwake konse poyera: ulendo wachiwiri apongozi ake akugundidwa, ulendo wachiwiri iye wawapatsa msana. Adakumbukira kubuula kuja. Adachotsa chitenje kumutu pang'onopang'ono, n'kunena kuti chidamulowa m'maso n'kachitsotso, bwana abwezeko pang'ono.

Ulendo uno adayang'ana.

Adaona kamunthu kochepa thupi, kochepa kuposa momwe mawu awo ankamvekera kuseri kwa khoma. A Mwakibete adachepetsa liwiro ataona mtengwa wawo, adatuluka pa tala n'kuima pamiyala, phazi limodzi pansi. Adatembenuzira nkhope kumbali, kudikira kuti mwana wa eni afunde bwino asanadutse. Ndiye kuti m'mawa uliwonse ankachita zimenezi, iye osadziwa. Ali chiimire choncho, galimoto yoyera idabwera ikuyenda mokhotakhota, dzanja la woyendetsa lili pakhutu ndi foni, ndipo idasiya msewu wonse n'kukawapeza pamiyala pomwepo.

Mkaka udayera pansi. Chipewa chawo cholimba chapanjinga chidagubuduka mpaka mu ngalande. Bwana Kihwele adatuluka, adayamba wayang'ana kutsogolo kwa galimoto yake, n'kupukutapo ndi kansalu. Kenako adayang'ana uku ndi uku, adabwerera m'galimoto n'kutulutsa botolo. Adathira pabala ngati wachifundo, adathiranso pamalaya, chotsala n'kuwatsanulira kukamwa.

"Tatembenukani, mayi inu," ankatero bwana Kyando polankhula ndi kompyuta, chala chili pakona pomwe padali mbaula. Ngozi yonseyo idadutsa pansi pa mphuno yake iye osaiona, maso ali pa chitenje cha kwaya. "Anthu ena kuuma khosi. Atembenuka basi, dikirani."

Koma mayiyo sadatembenuke. A Mwakibete ali gone m'fumbi adadzutsa dzanja, kulozetsa kumsana kwa mtengwa wawo. Pamapazi pa mayiyo padali ndowa ya madzi otsukira nthochi. Dzanja lija lidakhala m'mwamba kanthawi, likugwedezeka, kenako lidagwa. Misozi idatsika m'masaya mwa Tupokigwe, koma foni adaigwira ndi manja awiri kuti isagwedere.

"Mwayamba kulira? Mlandu suola, mayi," adatero bwana Kyando mokondwa.

Anthu atawakweza a Mwakibete pa lole, mayi wa pagalasi uja adatembenuka, nkhope yonse poyera. Bwanayo adaimitsa chithunzicho n'kuomba m'manja kamodzi.

"Ndinu kapena si inu?"

"Ndine, bwana."

Adasiya mbaula pomwepo, adathokoza, n'kubisa foni m'kati mwa bulauzi. Ali pakhomo adamva bwanayo akudziyankhulira kuti, kodi galimoto yoyerayi yaima pamenepa bwanji, nanga si ya uje iyi? Tupokigwe sadadikire yankho. Adathamanga ngati mtsikana mpaka pokwerera basi.

Kunyumba mayi Ndimbumi adaonera kanemayo pakhonde pamodzi ndi Lusekelo. Pa mimba ya bwana Kyando adafunsa ngati ameneyo ndiye wagunda amuna awo. Pa botolo adatukwana mawu oti mkazi wa mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa. Itatha adaimirira n'kululutira, kuvina pang'ono, kutcha Tupokigwe mwana wawo weniweni. Kenako nthungululu idathera pakhosi.

"Wajambula ndani zimenezi?"

"Ine, amayi."

"Utatsinzina?"

Tupokigwe adagwetsa maso pansi.

"Ndiye kuti wawaona. Wawaona nkhope, miyendo, malaya atang'ambika, mimba ili pamtunda. Mayo, nyumba yanga yatha."

Lusekelo adayesa kunena kuti zimenezi n'zithunzi chabe, si bambo enieni, koma mayi ake adamufunsa kuti ngati si bambo enieni, kukhoti akukaonetsa ndani? Adagamula kuti mtengwayu apite kwawo, makolo ake abwere ndi mbuzi kudzapepesa, apo ayi asadzapondenso pakhomopo. Posayang'ana adalakwa, poyang'ana walakwanso. Tupokigwe adaseka pang'ono ndi mkwiyo, n'kupita kukayamba kulongedza.

A Mwakibete adaiona kanemayo koyamba kukhoti, atawanyamulira kumeneko pa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu. Lusekelo adafotokoza pambuyo pake kuti khoti lonse lidaseka pa batani la bwana Kyando mpaka woweruza adamenya tebulo, koma pofika pa botolo mudangoti zii. Bwana Kihwele adati ankatsuka bala. Woweruza adamufunsa ngati balalo lidali m'kamwa. Mlandu udatembenuka n'kugwera mwini galimoto, ndipo akulu a mpingo omwe adabwera kudzaonera chidakwa adatuluka akunena kuti iwo ankadziwa kale kuti ndi bodza.

Madzulo dzuwa likadalipo, bajaji idatula a Mwakibete pakhomo. Tupokigwe adali atakhala kuseri kwa khola la ng'ombe, chikwama chili pambali, kudikira kutsanzika. Adamva ndodo ikugogoda pakhonde, kenako kutsokomola kuja, ndipo dzanja lake lidapita lokha kuchitenje.

"Tupokigwe."

Dzina lake lidali lisanatulukepo pakamwa pamenepo. Nkhuku zokha ndizo zidapitiriza zochita zawo.

"Tupokigwe, bwera kuno. Usatume munthu, ndikuitana iweyo."

Mayi Ndimbumi adati bambo, mwapenga kodi, anthu amva, makolo atiyesa chiyani. A Mwakibete adayankha kuti makolowo pa nthawi yawo kudalibe magalimoto, munthu ankatha kuima panjira n'kuyang'ana kumbali tsiku lonse osagundidwa ndi kanthu.

"Ine ndinaima kuti ndimulemekeze," adatero. "Iye anatembenuka kuti andilemekeze. Ulemu wonsewo unangotsala pang'ono kundiika m'manda, wakuba n'kupezerapo mpata wondimwetsa kachasu pakati pa anthu awiri osayang'anana. Ndiye mukuti abweretse mbuzi? Mbuziyo ipereke ndine. Mwanayu wataya mbaula yake kuti andigulire dzina langa."

"Ine ndiye ndinakhala osawaona bambo anu mpaka anamwalira," adatero mayi Ndimbumi. "Pamaliro pomwe ndinayang'ana kumbali."

"N'chifukwa chake mpaka lero mumandifunsa kuti ankaoneka bwanji."

Mayi Ndimbumi adakhala pansi pampando.

Tupokigwe adabwera chokwawa ndi mawondo, maso ali pansi. Adaona kaye chikhakha, chitadetsedwa ndi fumbi la kukhoti. Adaona ndodo, adaona jekete. Atafika pankhope, chinthu choyamba kuchiona chidali makutu: akuluakulu, otambasuka ngati zivundikiro za mapoto, omwewo a mwana wake Gwakisa, amene iye kwa zaka zonsezi ankadabwa kuti adawatenga kuti. Kuseka kudamutulukira m'mphuno mosafuna, pamodzi ndi misozi.

"Waona makutu," adatero mkuluyo. "Aliyense amayambira pamenepo. Seka, ndi akwanu tsopano."

Adakhala kanthawi akuyang'anana, aliyense osadziwa kuti anthu amati chiyani zikatere. Kenako a Mwakibete adakweza dzanja, lomwe lija la pagalasi.

"Tsiku lija sindinkafuna zambiri, mwana wanga. Kukhosi kunali moto ndi zomwe anandithira, ndipo ndinkaiona ndowa yako. Koma msana suona dzanja."

Tupokigwe adanyamuka, adalowa m'nyumba momwe adali asanalowemo eni ake alimo, n'kutunga madzi mumtsuko. Sadapatsire Lusekelo, sadaike pansi kuti wina atole. Adawapatsa m'manja, n'kugwirizira kapuyo pansi pake mpaka adamwa onse.